Jakuzi ya Che Sumaili

Durban
5 Meyi 2024

Okondedwa achimwene a Nasser,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Naima, amayi ndi ababa. Ine kuno ndili bwino, alihamdulillah. Mukawerenga muwapatsenso ababa awerenge okha monga mwa nthawi zonse, poti chiwagwirereni sitiroko pafoni mawu sawatuluka bwino.

Nkhani ndi iyi. Mabwana anga aja ndawagwirira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi asamukira kunja, ndipo andisiyira jakuzi yawo. Musaseke. Ndi bafa lalikulu lokhalamo anthu anayi, lili ndi pampu ndi chotenthetsera madzi cha magetsi. Amayi awo a bwana anali ndi sitiroko ngati ya ababa. Ankalowamo m'mawa uliwonse, ndipo ndinaona ndi maso angawa dzanja lokwinyika likuyamba kutambasuka. Nditamva kuti akufuna kuitaya, mtima wanga unathamangira ku Malemia.

Ibwera ndi a Maulidi, aja amanyamula katundu wa anthu kuno kupita naye kumudzi. Akutsitsirani pa Naisi. Mupeze a Aufi a magetsi alumikize, musachite nokha. Ababa asanalowemo mukafunse kaye kuchipatala. Madzi azikhala ofunda ngati thupi la munthu, azilowamo mphindi khumi zokha, ndipo asamakhale okha.

Madzi ake sataya tsiku lililonse. Amakhala miyezi, ndiye amafunika kuwasamala ndi mankhwala. M'katoni mupeza zitini zitatu: choyera ndi klorini, chofiira ndi asidi, chabuluu ndi soda. Mulinso kabotolo ka timapepala toyezera madzi. Mukadzaza, thirani masupuni awiri a klorini basi. Zinazo musazikhudze mpaka nditakulemberani bwinobwino, chifukwa pano ndikulemba choimirira, a Maulidi ayatsa kale injini.

Mundiuze za kumudzi. Tomato wanu wabereka bwanji chaka chino? Nanga ababa akudya?

Ndine mlongo wanu,
Sumaiya

Malemia, Domasi
2 Juni 2024

Sumaiya,

Walaikumu salamu. Tonse tadzuka, ababa ali chimodzimodzi. Ndakuimbira masiku atatu otsatizana, foni yako siikugwira. Ndiye ndangoti ndilembe, a Maulidi akubwerera mawa.

Chemwali, chinthu watitumizirachi n'chiyani? Mmene unkati bafa ine ndinkaganiza za beseni lalikulu. Ndinapita pa Naisi ndi njinga yamoto, a Maulidi anaseka mpaka kugwira nthiti. Tinachita kupeza lole, ndipo pochitsitsa panafunika amuna asanu ndi atatu. Pakhomo sichinalowe. Tachiika kuseri, pafupi ndi kachipinda kosungiramo makasu, n'kutchinga ndi mpanda wa udzu. Anthu anadzaza pabwalo ngati pagwa maliro. Wina anati ndi bwato. Wina anati walowa tchalitchi ndiye watumiza mobatiziramo. Pamenepo tinkaseka.

A Aufi analumikiza Lachinayi. Lachisanu titachoka kumzikiti tinayamba kutunga pamjigo, ine, alamu ako ndi amayi, mpaka misana kuwawa. Madzi anali oyera bwinobwino. Loweruka m'mawa atafunda, ndinathira masupuni awiri a klorini monga unanenera. Sumaiya, sipanathe mphindi khumi. Madzi aja anayamba kusintha tikuona, kaye chikasu, kenako ofiirira, mpaka anafika ngati otsukira nyama ya mbuzi, pampu ikungowabwadamula. Amayi anakuwa n'kukhala pansi. Azimayi amene ankasuzumira pampanda anathawa, wina mpaka anasiya patapata wake. Ababa tinali titawakhazika kale pampando, thaulo lili paphewa. Anayang'ana madziwo nthawi yaitali, kenako analoza m'nyumba kuti tiwabweze.

Pofika masana nkhani inali itafika ku Domasi Mission. Akuti mwana wa che Sumaili wakhwimira chuma ku Joni, watumiza chiwiya chofuna magazi, ndipo woyamba kulowamo akhala bambo ake omwe. Lero a Naima atafika pamjigo, onse anangoti zii. Amayi sanadye dzulo.

Ine zaufiti sindizikhulupirira kwenikweni, iwenso ukudziwa. Koma ndinaona ndekha, ndipo dzanja limene linathira ndi langa. Ndiuze zoona, mchemwali wanga. Chinthuchi unachitenga kwa ndani? Bwana wake uti angapatse wantchito chinthu chotere ulere? Ngati pali china chimene walowamo, nena msanga tikaonane ndi ashehe.

Achimwene ako,
Nasser

Durban
14 Juni 2024

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndi mwambo, koma mtima wanga suli m'malo. Kalata yanu ndaiwerenga katatu.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndikukolopa zimbudzi za anthu kuno, chala changa china sichipindikanso chifukwa cha madzi ozizira, ndipo inu mukundifunsa ngati ndakhwima? Ndikhwimire ababa? Azimayi a pamjigo anene, ndi ntchito yawo. Koma inu, amene munkandibereka kumbuyo powoloka Domasi popita kusukulu! Ndipo kalata imeneyo munailemba mukudziwa kuti yanga yoyankha adzawerenga ndi ababa. Munafika Fomu 4, ine ndinalekeza Sitandade 8. Sukulu yonse ija munkapita kukatani, ngati madzi ofiira akukuthamangitsirani kwa ashehe? Ndachita nanu manyazi, achimwene. Ndanena.

Tsopano mverani. Kodi simuona mmene ndowa yoyera imafiirira m'kati tikamatungira pamjigo wathu? Madzi amenewo ali ndi chitsulo chosungunuka chosaoneka ndi maso. Chikakumana ndi klorini chimasanduka dzimbiri nthawi yomweyo. Mwaona dzimbiri, si magazi. Tayani madziwo, tsukani sefa ya pampu, mudzaze ndi a pampopi.

Timapepala tija muzigwiritsa ntchito m'mawa uliwonse. Viikani kamodzi m'madzi, werengani mpaka khumi ndi zisanu, kenako fananizani ndi mitundu ili pabotolo. Kabokosi koyamba ka pakapepalako kamaonetsa klorini ngati alipo wokwanira. Kachiwiri kolembedwa pH kamaonetsa ngati madzi akupendekera kowawasa ngati mandimu kapena koterera ngati sopo. Kazikhala ka olenji, pakatikati. Kakafiira kwambiri, klorini amafooka, madzi amachita mbuu, maso amayabwa. Pamenepo sungunulani supuni imodzi ya asidi m'ndowa yodzaza madzi, thirani pampu ikuyenda, mudikire mpaka masana, muyezenso. Kakakhala kachikasu, chitani chimodzimodzi ndi soda. Pang'onopang'ono ngati mchere wam'ndiwo, ukachepa umawonjezera koma ukachuluka sungauchotse.

Chomaliza, ndipo ichi ndiye chachikulu. Klorini ndi asidi zisakumane. Zisakumane m'ndowa imodzi, pasupuni imodzi, ngakhale pashelefu imodzi. Zikakumana zimatulutsa mpweya umene umawotcha mapapo, munthu amatha kufa. Mukathira china m'mawa, chinacho muthire madzulo, ndipo muzichitira panja.

Foni yanga anandilanda pokwerera mataxi mwezi watha. Nambala yatsopano ndailemba kuseri kwa tsamba lino.

Sumaiya

Malemia, Domasi
22 Juni 2024

Chemwali Sumaiya,

Asalamu alaikumu. Yankho lako sitinalilandirebe. Akuti a Maulidi galimoto yawo yafera ku Tete. Iyi ndikutumiza ndi a Hamadi, amene akubwerera kuntchito kumeneko. Uli bwanji? Wangoti zii ngati wakwiya.

Nkhani yabwino. A Eneless oyandikana nafewa, aja amagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi, anabwera kudzaona madzi aja n'kuseka. Akuti nthawi ya kolera ankaona zomwezo akathira klorini m'madzi a mijigo ina, ndi dzimbiri chabe. Anatipatsa payipi kuchokera pampopi wawo. Tadzaza, tathira klorini, madzi ali mbee! A Eneless anakwinya siketi n'kuviika miyendo anthu akuona, za magazi zinathera pomwepo.

Ababa analowa pa 9 Juni. Tinawanyamula ine ndi a Naima. Atakhala m'madzimo anatseka maso n'kutulutsa mpweya wautali. Sumaiya, tsiku lachisanu ndinaona zala ziwiri za dzanja lakumanja zikusuntha pansi pa madzi. Amayi analira. Pano kukangocha amamenya ndodo pansi kuti tiwatengere kuseri.

Vuto ndi loti mbiri yatembenuka. Aja ankati walowa ufiti abweretsa nkhalamba zawo za nyamakazi, ndipo ababa salola kuti tibweze munthu. Tsiku lina analowamo asanu ndi mmodzi. Ndiye magetsi akazima pampu imaima tsiku lonse. Pano madzi achita mbuu, akununkha ngati thaulo lonyowa, ndipo maso a ababa afiira. Ndinaviika kapepala kaja, kabokosi kachiwiri kanafiira kupitirira mitundu yonse ya pabotolo. Ndawonjezera klorini kawiri, palibe chasintha.

Ndidikira sabata imodzi. Ukapanda kuyankha ndiona ndekha chochita ndi zitini zinazo. Ndakhala ndikusakaniza mankhwala a tomato zaka khumi, izi sizingandikanike.

Achimwene ako,
Nasser

Malemia, Domasi
3 Julaye 2024

Mwana wanga Sumaiya,

Ndine amayi ako, Abida. Akundilembera ndi a Eneless. Moni, ndipo ukamawerenga ukhale pansi. Achimwene ako ali moyo, ndiyambe ndi pamenepo. Koma ali m'chipatala ku Zomba, akupumira m'chigoba cha mpweya.

Zinachitika Loweruka m'mawa. Kunali chiperoni, mphepo ikuwomba kuchokera kuphiri. Ine ndi Naima tinapita kudimba. Nasser anawakhazika abambo ako pampando pafupi ndi bafa lako lija, nati ayambe wakonza madzi. Mphepo inkamuulutsira ufa uja, ndiye anatenga zitini ziwiri, choyera ndi chofiira, n'kulowa nazo m'kachipinda ka makasu, n'kukankha chitseko. Anathira zonse m'ndowa imodzi, kenako anathiramo madzi pang'ono kuti atakase.

Abambo ako ndi amene anaona utsi wachikasu ukutuluka pansi pa chitseko. Anamva mwana akutsokomola, kenako anamva kugwa. Pakhomo panalibe wina aliyense. Mwana wanga, munthu amene chaka chathunthu sanayendepo yekha anadzigwetsa pampando n'kuyamba kukwawa ndi chigongono chimodzi, kwinaku akukuwa. A Eneless akuti anamva mawu akuti “Moto! Moto!” omveka bwinobwino, moti sanadziwe kuti ndi che Sumaili. Anadumpha mpanda, anaviika chitenje m'bafamo n'kudzitseka nacho kumaso, anakankha chitseko, n'kumukoka Nasser ndi miyendo. Kenako anabwerera kukakoka abambo ako, amene anali atatsala pang'ono kufika pachitseko.

Mmene tinkafika tikuthamanga, ndinapeza mwana wanga ali gone pabwalo, milomo yasintha mtundu, maso akutuluka misozi yokhayokha, akukoka mpweya ngati nkhuku yachitopa. Thadzi limene linkafungatira mazira m'kachipindamo tinalipeza litafa pamazira pomwepo.

Adokotala ati akanakhalamo mphindi zina zochepa tikanakhala tikunena zina. Abambo ako mawondo ndi chigongono zasupuka, ndipo akutsokomola, koma ali kunyumba. Naima ali kuchipatala, akudikirira mwamuna wake.

Ine chinthuchi sindikuchifunanso pakhomo pano. Madzi tataya. Sindikuti ndiwe wolakwa, unafuna kuthandiza abambo ako. Koma bwanji sunatiuze kuti zinthu zimenezi zimapha? Tinadikira kalata yako mwezi wathunthu. Foni yako siigwira. Uli kuti, mwana wanga?

Amayi ako

Ine Eneless ndiwonjezereko. Musade nkhawa mopitirira, dzulo ndinakamuona, wayamba kumwa phala. Zitini zija ndazisunga kwathu, china m'nyumba china kunkhokwe.

Durban
12 Julaye 2024

Amayi,

Asalamu alaikumu. Makalata awiri andipeza tsiku limodzi. Ndinayamba ndi ya achimwene. Nditafika poti aona okha chochita ndi zitini, ndinaimirira n'kukuwa m'chipinda ndili ndekha. Kenako ndinatsegula yanu.

Amayi, ndinawauza! Ndinalemba pa 14 Juni, zonse zilimo, ndi nambala yanga yatsopano yomwe. Dzulo ndinapita kumene a Maulidi amapakira katundu. Ndinawakalipira pagulu, ndinawanena mawu oti munthu wamkulu sauzidwa. Anandisiya ndimalize, kenako analumbira pa dzina la Allah kuti kalatayo anaipereka m'manja mwa achimwene pa Naisi Lachinayi pa 27. Ngozi inachitika pa 29. Sindikudziwa kuti ndikhulupirire ndani. Sindikudya.

Ndaimbira a Eneless, nambala yawo ndinaipeza kwa a Hamadi. Andiuza kuti achimwene atuluka koma mawu alibe, ndipo akana kugwira foni. Muwauze kuti sindikufuna kukangana nawo. Ndikungofuna kudziwa.

Jakuziyo chitani nayo zimene mukufuna. Iphwanyeni, kapena muzisungiramo chimanga. Ndikanadziwa ndikanaisiya itayidwe konkuno. Muwagwire ababa dzanja m'malo mwanga. A Eneless ndilibe mawu oti ndiwathokoze nawo.

Mwana wanu,
Sumaiya

Malemia, Domasi
21 Julaye 2024

Chemwali,

Walaikumu salamu. Ndatuluka pa 8. Mawu akutuluka ngati a munthu wonong'ona, ndipo ndikayenda kuchoka pakhomo kufika pamsewu ndimakhala pansi kawiri. Adokotala ati mapapo achira pang'onopang'ono, koma kupopera tomato ndiiwale chaka chino.

Ukapepese kwa a Maulidi. Sananame.

Kalata yako ndinailandira Lachinayi lija. Ndinaitsegulira pamsewu pomwepo, ndili panjinga. Ndinawerenga tsamba loyamba, mpaka pamene unafunsa kuti kusukulu ndinkapita kukatani. Magazi anandikwera kumutu. Ndinaona kuti pali masamba ena atatu, n'kuganiza kuti onsewo ndi manyozo. Ndinaipinda n'kuiika m'thumba la jekete. Kunyumba ndinati a Maulidi sanabweretse kanthu, chifukwa sindinafune kuti ababa awerenge mwana wamng'ono akundichititsa manyazi. Loweruka lija, pamene ndinkathira zitini m'ndowa, jeketeyo ndinali nditavala. Chenjezo lako linali pachifuwa panga.

Ndinaiwerenga yonse m'chipatala, tsiku lachinayi, a Naima atandibweretsera jekete chifukwa cha kuzizira. Nditafika tsamba lomaliza ndinachotsa chigoba cha mpweya n'kulira, anamwino mpaka anathamangira. Dzulo ndinawauza amayi ndi ababa. Amayi anatuluka panja. Ababa anapempha kalatayo, anaiwerenga yonse, n'kundiyang'ana. Ndikanakonda akanandimenya ndi ndodo ija.

Funso limene ndinakufunsa lija linali loipa. Unali ndi chifukwa chokwiyira. Undikhululukire.

Tsopano pali nkhani. Jakuzi ili gwa, mwagwera masamba a mango. Zala za ababa zayambanso kukwinyika. M'mawa uliwonse amamenyabe ndodo pansi, tikawatengera kuseri amangokhala n'kumaiyang'ana. Amayi akuti ichoke. Ine ndilibenso pakamwa ponenera. Ababa ati alembe okha, ndi dzanja lamanzere, ndiye uwerenge pansipa.

Nasser

Sumaiya mwanangu. Madzi sanalakwe. Auze adzaze. Baba.

Durban
2 Ogasiti 2024

KLORINI NDI ASIDI ZISAKUMANE. ZIMAPHA.

Klorini azikhala kwanu, asidi azikhala kwa a Eneless, ndipo ndi iwo okha oti azithira. Chilichonse muzisungunulira panja, ufa kuthira m'madzi ambiri, osati madzi kuthira pa ufa. Mudzaze ndi a pampopi. Kapepala muziviika m'mawa uliwonse munthu asanalowe, ndipo kabokosi kachiwiri kakapanda kukhala ka olenji asalowe aliyense. Kwa mwezi uno azilowa ababa okha. Nkhalamba zinazo muziuze kuti wakaniza ndi Sumaiya, zindidandaule ine. Magetsi akazima tsiku lonse, yezani kawiri.

Amayi, ndikudziwa kuti mukuopa. Inenso ndikuopa. Koma ababa anakwawa pa fumbi chifukwa cha mwana wawo, sindingawakanize zimene apempha. Kabotolo ka timapepala muzisunga ndinu. Mukaona mtundu umene sukukusangalatsani, mawu anu ndi omaliza.

Kwa a Maulidi ndapita, ndagwada, andikhululukira. Ndapempha tchuthi kwa mabwana atsopano, Insha Allah ndifika mu Seputembala.

Achimwene, tsamba loyamba lija ndinalemba ndine. Zofunika ndinaziika kumapeto chifukwa ndinafuna muyambe mwamva kuwawa. Inunso mundikhululukire.

Tsopano poti mwawerenga mpaka pano, asalamu alaikumu. Mwadzuka bwanji, nanga chifuwa chili bwanji lero?

Mlongo wanu,
Sumaiya